Chivomezi cha ku San Francisco ndi Amalonda Ake

M'mwezi wa Okutobala, 1905, akatswiri otumidwa ndi bungwe la makampani a inshuwalansi ya moto ku America analemba lipoti lochenjeza za mzinda wa San Francisco. Iwo anaona kuti nyumba zambiri zinali zamatabwa, zothithikana, ndipo madzi ozimitsira moto sanali odalirika. Mkulu wa ozimitsa moto mumzindawo, Dennis Sullivan, nayenso anali atapempha kwa zaka zambiri kuti akuluakulu akonze njira ina yopezera madzi. Mawu onsewa anangopita ndi mphepo, pakuti malonda ankayenda bwino ndipo panalibe wofuna kutaya ndalama pa tsoka limene linali lisanagwe.

Tsokalo linafika pa 18 Epulo, 1906, m'bandakucha, nthawi itangopitirira 5 koloko. Chivomezi chinagwetsa nyumba ndi kuthyola mipopi ikuluikulu ya madzi. Moto utabuka m'malo osiyanasiyana, ozimitsa moto anapeza mipopi ili gwa. Sullivan mwini anavulala kwambiri m'chivomezicho ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Motowo unalusa masiku atatu. Nyumba pafupifupi 28,000 zinawonongeka, anthu oposa 3,000 anafa, ndipo oposa theka la anthu 400,000 a mumzindawo anasowa pokhala.

Eni mabanki akuluakulu ankadziyesa okonzeka chifukwa anali ndi zipinda zachitsulo zimene moto sukanatha kuziboola. Motowo utayandikira, iwo anatsekera ndalama ndi mabuku awo m'zipindazo nathawa. Zipindazo zinapiriradi, koma zinatentha koopsa moti sizikanatsekulidwa msanga. Amalonda ena amene anathamangira kutsekula mabokosi awo achitsulo anaona mapepala awo akuyaka pamaso pawo mpweya utangolowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho eni mabanki anadikira masabata angapo kuti zitsulozo zizizire. Chuma chinalipo, koma pa nthawi imene anthu ankachifunitsitsa palibe amene akanachikhudza. Apa ndipo panali polakwika pa kukonzeka kwawo: anaganiza zoteteza ndalama, osaganiza za mmene adzagwirire ntchito m'mawa mwake.

Mumzinda momwemo munali kabanki kakang'ono kotchedwa Bank of Italy, kamene Amadeo Peter Giannini anakayambitsa mu 1904 pofuna kuthandiza asodzi, ogulitsa ndiwo zamasamba ndi anthu ena wamba amene mabanki akuluakulu sankawalabadira. Giannini ankakhala ku San Mateo, mtunda wa makilomita oposa 25 kuchokera mumzindawo. M'mawa wa tsikulo anayenda movutikira, mbali ina pansi, mpaka anafika pabankipo cha kumasana. Ataona kumene moto unkalowera, anabwereka ngolo ziwiri za akavalo kukampani yogulitsa zipatso ya bambo wake womupeza, Lorenzo Scatena. M'ngolomo anaikamo ndalama zagolide ndi zasiliva zokwana pafupifupi madola 80,000 pamodzi ndi mabuku a banki, ndipo pamwamba pake anasanjikapo mabokosi a malalanje kuti achifwamba asadziwe kanthu. Atafika kwawo anabisa ndalamazo m'malo otayira phulusa pansi pa chowothera moto. Nyumba ya bankiyo inapsa yonse.

Patangopita masiku owerengeka, Giannini anaika thabwa pamwamba pa migolo iwiri padoko nayamba kukongoza anthu ndalama zomangira nyumba ndi masitolo. Ambiri mwa iwo analibe chikole chilichonse chifukwa zonse zinali zitapsa, koma iye ankawadziwa ndi mayina omwe. Dera la North Beach, kumene makasitomala ake ambiri ankakhala, linali limodzi mwa madera oyamba kumangidwanso. Komabe si bwino kumutamanda mopyola muyeso. Giannini analibe dongosolo lolembedwa lothanira ndi ngozi yotere. Chinamupulumutsa ndi changu chake, kuchepa kwa banki yake, ndiponso mwayi wakuti ngolo zinapezeka. Moto ukanafulumira ndi maola ochepa chabe, dzina lake silikanakumbukika lero.

Mayeso ena aakulu anagwera makampani a inshuwalansi. Mapangano ambiri ankanena kuti kampani idzalipira nyumba ikapsa, osati ikagwa ndi chivomezi. Tsono ndani akanatha kusiyanitsa phulusa la nyumba imene inayamba yagwa ndi la imene inangopsa? Eni nyumba ena, podziwa mfundoyi, anayatsa okha nyumba zawo zowonongekazo. Makampani ena anatenga mkanganowu ngati pothawira: analipira gawo lochepa chabe, ndipo ena a ku Germany anakana kulipira nasiya malonda awo ku America. Makampani angapo anagweratu chifukwa analonjeza kuteteza nyumba zambirimbiri mumzinda umodzi, osalingalira kuti zonsezo zikhoza kupsa tsiku limodzi.

Kampani ya Fireman's Fund, imene likulu lake linali mu San Francisco momwemo, inataya ofesi ndi mabuku ake ambiri, ndipo zimene inayenera kulipira zinaposa chuma chake chonse. M'malo motseka, inagwirizana ndi makasitomala ake kuti alandire gawo lina m'ndalama ndipo gawo lina akhale eni masheya m'kampaniyo. Ku London, Cuthbert Heath wa ku Lloyd's anatumiza lamya kwa womuimira wake kuti alipire makasitomala onse mokwanira, osayang'ana zimene mapangano ankanena. Zimenezi zinadya ndalama zochuluka, koma zinagulira Lloyd's mbiri yabwino imene inaibweretsera malonda ambiri ku America kwa zaka zotsatira.

Chodabwitsa n'chakuti malipiro omwewa anathandiza kubala tsoka lina. Golide wambiri anachoka ku Britain kupita ku America kukalipira ovutikawo, ndipo Bank of England inakweza chiwongoladzanja pofuna kuteteza nkhokwe zake. Ndalama zinayamba kusowa m'misika, ndipo mu Okutobala, 1907, anthu ku New York anathamangira kumabanki kukatenga ndalama zawo. Mantha amenewa anafalikira m'dziko lonse mpaka mabanki ambiri anayamba kupereka mapepala olonjeza m'malo mwa ndalama zenizeni.

Ulendo uno Giannini sanadalire mwayi. Kumayambiriro kwa chakacho anali atapita kumizinda ya kum'mawa kwa dzikolo, kumene anaona zizindikiro za mavuto. Atabwerera anachepetsa ngongole zimene banki inkapereka nayamba kukundika golide mwakachetechete. Manthawo atafika ku San Francisco, aliyense wofuna ndalama zake ku Bank of Italy ankapatsidwa golide pomwepo, ndipo ambiri poona zimenezi anasiya ndalama zawo m'bankimo. Banki imeneyi inapitiriza kukula mpaka mu 1930 pamene inatenga dzina lakuti Bank of America.

Mzinda nawonso unachita zimene Sullivan ankapempha. Unamanga mipopi yapadera ya madzi ozimitsira moto, yosalumikizana ndi ya madzi akumwa, pamodzi ndi nkhokwe za madzi pansi pa misewu ndi makina opopa madzi a m'nyanja. Ntchitoyi inatha mu 1913, patapita zaka 7 chimwalirire mkulu wa ozimitsa motoyo.