Mbiri ya Nkhalango ya Gorongosa ndi Phunziro kwa Ife Alimi

Ine ndine mlimi wa chimanga ndi mtedza, sukulu sindinapite nayo patali, koma mbiri ya dziko lathu ndimaitsata. Lero ndati ndikufotokozereni za nkhalango yosungiramo nyama ya Gorongosa, chifukwa ambirife tikamva dzinali timangokumbuka nkhondo basi, osadziwa kuti kumeneko kuli nkhani ina yotikhudza ife ogwira khasu.

Gorongosa ili m'chigawo cha Sofala, pakati pa dziko lathu la Mozambique. Kuchokera kuno ku Tete munthu amadzera ku Chimoio, n'kufika pa Inchope, kenako n'kukhotera kumpoto. Pakati pa nkhalangoyo pali nyanja yaing'ono ya Urema. Madzi ake ena amatsika kuchokera m'phiri la Gorongosa. Mvula ikagwa dambo lonse limasefukira, ndipo madzi akaphwa pamamera msipu wobiriwira. Msipu umenewu ndiwo unkasonkhanitsa nyama zambirimbiri kuyambira kale.

Mu 1920 kampani ya Apwitikizi yotchedwa Companhia de Moçambique, imene inkalamulira dera limenelo, inapatula malowa kuti akuluakulu ake ndi alendo awo azisakako nyama. Tamvani bwino pamenepa: mzungu ankawombera njati mosangalala, koma mwini dziko akatchera msampha ankatchedwa wakuba. Mabanja ena anawasamutsa pa malo a makolo awo. Cha m'ma 1940 anamanga nyumba zogona alendo m'dambo, koma madzi osefukira anawathamangitsa, ndipo mikango ndiyo inalowa m'nyumbazo n'kumagona ngati eni ake. Mpaka lero malowo amawatchula kuti Casa dos Leões, kutanthauza nyumba ya mikango. Pambuyo pake anamanga msasa wina pa Chitengo, ndipo mu 1960 boma la Apwitikizi linalengeza kuti Gorongosa ndi paki ya dziko.

Zaka zimenezo alendo ankabwera kuchokera ku Ulaya ndi ku America kudzachita safari, ndiye kuti ulendo wokaona nyama pa galimoto. Katswiri wina dzina lake Ken Tinley anawerenga nyamazo ali m'ndege chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anapeza njati pafupifupi 14,000, njovu 2,200, nyumbu 5,500, mbidzi 3,000, mvuu zoposa 3,000 ndi mikango pafupifupi 200. Abale anga, njati 14,000 si masewera, fumbi lake lokha linkaoneka patali.

Ufulu tinalandira mu 1975, koma mu 1977 nkhondo ya pachiweniweni inayamba. Gorongosa inasanduka phata la nkhondoyo, pakuti a Renamo anamanga likulu lawo m'dera lomwelo, pa Casa Banana. Mu 1981 msasa wa Chitengo unaukiridwa, ndipo mu 1983 pakiyo inatsekedwa. Asilikali a mbali zonse ziwiri ankapha nyama kuti adye, njovu ankaziphera minyanga yogulira zida. Anthu wamba nawonso, minda itasiyidwa, njala itavuta, anatchera misampha. Ine sindiwaweruza, chifukwa makolo anganso anathawa n'kusiya nkhokwe, kukakhala m'misasa ku Malawi pamodzi ndi anzawo ambirimbiri. Timati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, koma ku Gorongosa omenyana anali anthu, njovu n'zimene zinasanduka udzu.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Atawerenganso nyama anapeza kuti pa nyama zikuluzikulu 100 zilizonse, zoposa 90 zinali zitatha. Njati ndi mbidzi zinatsala zongowerenga ndi zala. Chipsera cha nkhondoyo chikuonekabe pa njovu. Popeza ankasankha kupha za minyanga, zimene zinapulumuka kwambiri ndi zazikazi zobadwa zopanda minyanga. Nkhondo isanayambe njovu zazikazi zotere zinali pafupifupi imodzi pa zisanu, koma itatha zinali theka, ndipo zina zikubereka ana aakazi opandanso minyanga. Ife alimi izi tikuzidziwa: ukamadya mbewu yabwino n'kusunga yotsala, chaka chamawa m'munda mumamera yotsalayo.

Kudzuka kwa pakiyi kunayamba pang'onopang'ono. Mu 2004 kunabwera munthu wina wachuma wa ku America, Greg Carr, ndipo mu 2008 anasainirana ndi boma lathu pangano la zaka 20 loyendetsera limodzi nkhalangoyi. Mu 2006 anabweretsa njati kuchokera ku Kruger, ku South Africa. Mu 2010 kumtunda kwa phiri la Gorongosa kunalowetsedwa m'paki pofuna kuteteza magwero a madzi. Mu 2018 anabwezeramo mimbulu, agalu akutchire aja, imene inali itatheratu. Chaka chomwecho atawerenga ali m'ndege anapeza nyama zikuluzikulu zoposa 100,000, zambiri mwa izo zili nakodzwe. Ngakhale mfuti zinaliranso m'deralo kuyambira mu 2013, pa 1 Ogasiti 2019 a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade anasainirana zoleka kumenyana, ndipo anachitira pa Chitengo pomwepo, malo amene anawonongedwa ndi nkhondo aja.

Tsopano funso langa ndi ili: kodi nyama zikachuluka, wopindula ndani? Mlendo amabwera nyengo yachilimwe, amakwera galimoto m'mamawa, amajambula mkango, amagona masiku atatu n'kubwerera kwawo. Paja mlendo ndi mame. Wotsala ndi mlimi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Pungwe, amene njovu zikawoloka usiku umodzi zimamudyera chimanga cha chaka chonse. Ine ndimagona ku dindiro chifukwa cha nguluwe zokha, ndiye ndimamvetsa ululu wa mnzanga wolimbana ndi njovu.

Ku Gorongosa oyendetsa paki anaphunzira kuti mlonda wa mfuti yekha sangasunge nkhalango. Antchito ambiri akulembedwa kuchokera m'midzi yozungulira. Pa phiri alimi akubzala khofi pansi pa mitengo yachilengedwe, ndiye nkhalango ikubwerera uku iwo akupeza ndalama. M'malire mwa minda ena akupachika ming'oma ya njuchi pa waya, pakuti njovu imaopa njuchi, ndipo uchiwo amagulitsa. Namondwe wa Idai atagwa mu Marichi 2019, alonda a paki ananyamula chakudya kupita nacho m'midzi imene inazingidwa ndi madzi. Palinso lamulo la 2005 lonena kuti magawo 20 pa 100 a ndalama zimene boma limatolera pa nkhalango ndi nyama azipita kwa anthu a m'deralo.

Nkhaniyi si ya ku Sofala kokha ayi. Kuno ku Tete, nkhondo itangotha, kunayamba ntchito ya Tchuma Tchato ku Bawa, m'boma la Mágoè, yogawira midzi gawo la ndalama zolipira alenje achilendo. Mu 2013 boma linakhazikitsanso paki ya Mágoè kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa. Choncho pempho langa kwa mafumu athu ndi makomiti a m'midzi ndi lakuti tizifunsa poyera: ndalama za 20 pa 100 zija zafika zingati, zagwira ntchito yanji, mjigo uli kuti, sukulu ili kuti? Ifenso tileke kutentha tchire chifukwa cha mbewa ndi kutchera mawaya mwachisawawa.

Mu nthawi ya Apwitikizi nyama zinalipo zambiri, koma anthu anatsekeredwa kunja. Mu nthawi ya nkhondo anthu ndi nyama anathera limodzi. Ana athu ayenera kupeza zonse ziwiri, nkhokwe yodzaza ndi njovu yamoyo. Amene muli ndi maganizo ena lembani, tidzawerenge m'kope lotsatira.