Nyumba ya Mandala ndi Chuma cha Makolo

Munthu wa ku Nkando akatsata msewu wa Midima n'kupyola Limbe, amafika pa nyumba yosanja imene yakhala chiimire mu Blantyre kuyambira 1882. Mafumu athu sadasiye nyumba zachifumu zamiyala. Zawo zidali zamitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe chidazitha kalekale. Choncho nyumba yaulemerero yakale koposa mumzindawo ndi ya amalonda.

Eni ake adali a African Lakes Company, kampani imene idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi amaso onyezimira, anthu n'kumutcha Mandala. Dzinalo lidamatirira nyumbayo, masitolo a kampaniyo, ngakhale dera lonselo. Minyanga ya njovu, nsalu ndi mikanda zinkadutsa pamenepo pamitu ya amtengatenga, amene maina awo sakumbukikanso.

Chodabwitsa chidachitika mu 1960. M'nyumba yomweyo mudatsegulidwa malo oyamba m'dziko muno osungiramo zinthu zamakedzana, potsatira khama la bungwe la Nyasaland Society, lomwe lero ndi Society of Malawi. Zipangizo za anthu wamba, zimene azungu ena ankazipeputsa, zidalowa m'zipinda za mabwana. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa sadaname, ngakhale kalumo komweko nkuti katacheka kale eni dziko. Mu 1966 zinthuzo zidapeza kwawo ku Chichiri, pamene nyumba ya Mandala idadzakhala mosungira mabuku ndi zikalata zakale za bungwe lija.

Komatu ng'oma yoikidwa m'galasi siilira. Alhomwe a ku Mulanje, amene makolo awo adaoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira m'ma 1890 nagwira thangata m'minda ya azungu, sadasunge mwambo wawo m'kabati. Adausunga m'miyendo ndi pakamwa, ndipo pakamwapo mpamene padayamba kuchucha: midzi yambiri idasiya Chilhomwe n'kutengera Chinyanja. Gule wa tchopa yekha sadagonje. Mu 2014 bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, m'boma lomweli la Mulanje, ovina amatulukabe atabereka zikopa ndi zisenga kumsana, fumbi lili koboo.