Mbiri ya Chigoba Chimene Munthu Amavala Pocheza ndi Makina

Omvera amene amatsata maseŵero a pa wailesi akudziŵa kuti mkulu amene amamveka ngati mfumu yaukali madzulo, kukacha amakhala kalaliki wofatsa mu ofesi. Iye amangobwereka dzina, msinkhu ndi mayankhulidwe a munthu wina kwa kanthaŵi. Aroma akale ankatcha chigoba chimene woseŵera ankavala pa bwalo la zisudzo kuti persona. Liwu lomweli ndilo likugwira ntchito masiku ano ponena za mau ochepa amene munthu amalemba, ofotokoza kuti iye ndani, asanayambe kucheza ndi makina a AI m'nkhani yopeka. Mchitidwe umenewu ukuoneka ngati wadzana lomweli, koma mizu yake idazikika zaka zopitirira 70 zapitazo, ndipo mbiri yake ikukhudza aliyense amene ali ndi lamya ya m'manja.

Chiyambi chake ndi chaka cha 1950, pamene katswiri wa masamu wa ku Britain, Alan Turing, adalemba nkhani m'magazini yotchedwa Mind. M'malo mofunsa ngati makina angathe kuganiza, iye adafotokoza seŵero la anthu atatu: mwamuna, mkazi ndi wofunsa mafunso. Wofunsayo amakhala m'chipinda chayekha, ndipo mayankho amamufika olembedwa pa taipi kuti liwu lisaulule mwini wake. Ntchito ya mwamunayo ndi kusokoneza wofunsa kuti amuyese mkazi, pamene mkaziyo amayesetsa kumuthandiza kupeza choona. Tsono Turing adafunsa chimene chingachitike makina ataloŵa m'malo mwa mwamuna uja. Motero kuyambira pachiyambi penipeni, kucheza kwa munthu ndi makina kudaganiziridwa ngati seŵero la kudziyesa munthu wina.

Amene adaonetsa seŵeroli poyera ndi Joseph Weizenbaum. Iyeyu adabadwira ku Berlin mu 1923, ndipo banja lake lidathaŵira ku America mu 1936 poopa ulamuliro wa chipani cha Nazi. Ali mphunzitsi pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, adapanga pulogalamu ya kompyuta imene adaitcha ELIZA, ndipo adaifotokoza m'nkhani yosindikizidwa mu Januwale 1966. Dzinalo adalitenga kwa Eliza Doolittle, mtsikana wogulitsa maluŵa m'seŵero la George Bernard Shaw lotchedwa Pygmalion, amene adaphunzitsidwa kuyankhula ngati mwana wa kubanja lolemera. Weizenbaum adapatsa ELIZA mbali ya dokotala wa maganizo amene sapereka malangizo, koma amabweza mau a wodwala ngati funso. Adasankha mbali imeneyi mwadala, chifukwa dokotala wotere angathe kucheza nthaŵi yaitali osaonetsa kuti sakudziŵa kanthu za dziko. Munthu akatchula amai ake, ELIZA inkagwira liwu lokhalo nkumupempha kuti anene zambiri za banja lake.

ELIZA idalibe mbiri ya moyo wake, ndipo sinkadziŵa amene inkacheza naye. Zonse zimene zinkapatsa machezawo tanthauzo zinkachokera kwa munthu. Komabe zotsatira zake zidamuopsa mwini wake. Mlembi wa mu ofesi yake, amene adamuona akupanga pulogalamuyo kwa miyezi yambiri, atangocheza nayo pang'ono adapempha Weizenbaum kuti atuluke m'chipindamo. Nthaŵi ina Weizenbaum adanena kuti angathe kukonza kompyutayo kuti izisunga macheza onse kuti iye aziŵaŵerenga, ndipo anthu adamudzudzula kuti akufuna kuzonda zinsinsi za m'mitima yao. Zimenezi adazilemba m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Computer Power and Human Reason. Kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 2008, iye adakhala mmodzi wa anthu ochenjeza dziko kuti lisakhulupirire makina mopitirira muyeso.

Ku sukulu ya ukachenjede ya Stanford, dokotala weniweni wa maganizo dzina lake Kenneth Colby adatsata njira ina. Pulogalamu yake yotchedwa PARRY, imene idatchuka mu 1972, idapatsidwa moyo wathunthu wopeka. PARRY adali mnyamata wa zaka 28, wosakwatira, wogwira ntchito ku positi ofesi, wokonda kutchova juga pa mipikisano ya akavalo. Adakanganapo ndi wolandira ndalama za jugayo, ndipo ankakhulupirira kuti gulu la zigaŵenga la Mafia likumusakasaka. M'kati mwa pulogalamuyo mudali manambala oyeza mantha, mkwiyo ndi kukayikira, amene ankakwera kapena kutsika malinga ndi mau a wofunsa. Madokotala a maganizo atapatsidwa macheza olembedwa kuti asiyanitse PARRY ndi odwala enieni, adalondola pafupifupi theka lokha, monga momwe angachitire munthu wongolota. Mu Seputembala 1972, PARRY ndi ELIZA adaŵalumikiza pa ARPANET, kholo la intaneti, ndipo wodwala wopeka adacheza ndi dokotala wopeka. Apa padaoneka kuti mbiri yochepa yolembedwa bwino imachititsa makina kumveka ngati munthu.

Mpaka pamenepa, chigoba chinkavalidwa ndi makina okha. Mwambo woti munthu adzilembere chake udachokera kwina, ku maseŵero a pa tebulo. Mu 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America adasindikiza seŵero la Dungeons & Dragons. M'seŵeroli aliyense amayamba ndi pepala limene amalembapo dzina la munthu wake wopeka, ntchito yake monga wankhondo kapena wamatsenga, ndi manambala a mphamvu, nzeru ndi zina zotero, amene amapezeka poponya madayisi. Mmodzi mwa oseŵerawo amakhala wotsogolera nthano: amafotokoza dziko, amayankhulira anthu onse amene ena akukumana nawo, ndipo amaŵeruza zotsatira za zochita zao. Pepala lija ndi pangano pakati pa woseŵera ndi wotsogolera. Limauza wotsogolera kuti amene waloŵa m'nthanomo ndani, nanga angathe kuchita chiyani.

Pasanapite nthaŵi, pepalalo lidasamukira pa kompyuta. Mu 1978, wophunzira wa pa sukulu ya ukachenjede ya Essex ku England, Roy Trubshaw, adayamba kupanga seŵero lotchedwa MUD, limene mnzake Richard Bartle adalipitiriza. Anthu ambiri ankaloŵa m'dziko limodzi lopangidwa ndi mau okhaokha, popanda chithunzi, ndipo munthu wopeka amene aliyense ankamuyendetsa ankatchedwa persona. Mu 1990, Pavel Curtis wa ku Xerox PARC ku California adatsegula LambdaMOO, kumene mlendo aliyense ankadzilembera mau ofotokoza maonekedwe ake, ndipo ena ankaŵaŵerenga akafuna kumuyang'ana. Amuna ena ankadzilemba ngati akazi, amanyazi ngati olimba mtima. Sherry Turkle wa ku MIT adacheza ndi oseŵera ambiri otere, ndipo m'buku lake la mu 1995, Life on the Screen, adaonetsa kuti ena ankapezamo mpata woyesera makhalidwe amene ankaŵasoŵa, pamene ena ankangobisalamo kuthaŵa mavuto a moyo weniweni. Komabe amene ankaŵerenga persona nthaŵi imeneyo adali anthu anzao.

Kumbali ya makina, luso la chigoba lidapitirira. Mu Juni 2014, pa mpikisano wochitikira ku Royal Society mu mzinda wa London, pulogalamu yotchedwa Eugene Goostman idanamiza oŵeruza 33 mwa 100 aliwonse m'macheza a mphindi 5. Oipanga adaipatsa mbiri ya mnyamata wa zaka 13 wa ku Odessa m'dziko la Ukraine. Ikalephera funso, oŵeruza ankati ndi ubwana. Ikaphonya Chingerezi, ankati si chinenero chake. Akatswiri ambiri adatsutsa zoti imeneyi ndi nzeru, koma aliyense adaona kuti chigoba chosankhidwa mochenjera chimaphimba zofooka zambiri.

Mitsinje iŵiriyi idakumana makina atasintha kapangidwe. Mu 2017, akatswiri a kampani ya Google adafalitsa njira yotchedwa transformer, imene imathandiza kompyuta kuphunzira kuchokera ku zolembedwa zochuluka kwambiri, nkumalota liwu loyenera kutsatira mau amene yapatsidwa. Mu 2018, ofufuza a ku Facebook adakonza ma persona 1,155, iliyonse ya ziganizo zosachepera 5, nkupatsa anthu olembedwa ganyu kuti azicheza aŵiriaŵiri, aliyense atavala yake. Makina ophunzitsidwa ndi macheza ameneŵa adayamba kuyankha mosadzitsutsa kaŵirikaŵiri. Ofufuzawo adapezanso chinthu china chofunika kuchisunga m'mutu: kuchokera m'macheza okha, makina angathe kulota mbiri ya munthu amene akucheza naye. Mu 2019, Nick Walton adatulutsa AI Dungeon, m'mene makina adatenga mpando wa wotsogolera nthano. Mu Seputembala 2022, Character.AI, kampani ya Noam Shazeer ndi Daniel De Freitas amene adachokera ku Google, idatsegulira anthu onse mwai wopanga anthu opeka ndi kucheza nawo. Apa ndi pamene pepala la Gygax ndi Arneson lidayamba kuŵerengedwa ndi mdzukulu wa ELIZA.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Makina otere sakumbukira munthu monga momwe mnansi amakumbukirira mnzake. Nthaŵi iliyonse pamene munthu watumiza uthenga, pulogalamu imasonkhanitsa zinthu zingapo: mau ofotokoza munthu wopeka amene makina akuseŵera, persona ya wochezayo, ndi macheza aposachedwa. Zonsezi zimaperekedwa pamodzi, ndipo makina amalemba chotsatira. Malo oikamo mau ameneŵa ali ndi malire ngati nkhokwe. Ikadzaza, macheza akale ndiwo amayamba kutayidwa, koma persona imabwerezedwa pa uthenga uliwonse. Nchifukwa chake ziganizo zoŵerengekazo zili ndi mphamvu yoposa kukula kwake.

Kuchokera pamenepa, ozoloŵera maseŵeroŵa adatulukira nzeru zingapo. Persona yaitali imadya malo a nthano, choncho yabwino ndi yaifupi: dzina, msinkhu, ntchito, khalidwe limodzi kapena aŵiri, ndi ubale wake ndi munthu wopeka uja. Chilichonse cholembedwamo makina amachiyesa chofunika, kotero kuti wotchula chipsera cha pa tsaya asadabwe chikamatchulidwa mobwerezabwereza. Khalidwe lofotokozedwa ndi zochita, monga kunena kuti munthuyu sayankha msanga akafunsidwa za kwao, limathandiza kuposa mndandanda wa mau otamanda. Ndipo wolemba persona ngati nthano yathunthu, yonena zimene iye amaganiza ndi kuchita, amapeza kuti makina ayamba kumuyankhulira, nkumulanda mbali yake m'seŵero. Colby akadazindikira nzeru zimenezi mosavuta, pakuti PARRY nayenso adamangidwa pa mfundo zoŵerengeka zogwirizana.

Koma funso limene lidavutitsa Weizenbaum silidathe. Pa bwalo la zisudzo, chigoba chimabisa nkhope. Pa lamya, ambiri amalemba m'malo a persona dzina lao lenileni, zaka zao, mudzi wao, matenda ao ndi zoŵaŵa za mumtima, pofuna kuti makina aŵadziŵe bwino. Mau ameneŵa kaŵirikaŵiri satsala m'lamyamo. Amapita ku makompyuta a kampani ya kutali. Pulogalamu ya Replika, imene Eugenia Kuyda adaitulutsa mu 2017 atataya bwenzi lake pa ngozi ya galimoto, idakopa anthu ambiri osungulumwa. Mu Febuluwale 2023, bungwe la boma la Italy loteteza zinsinsi za anthu lidaletsa kampani yake kugwiritsa ntchito mbiri za anthu a m'dzikomo, potchula kuopsa kwake kwa ana ndi kwa anthu ofooka m'maganizo. Kampaniyo itasintha mayankhulidwe a pulogalamuyo mwezi womwewo, ambiri adalira ngati oferedwa. Mu 2025 bungwe lomwelo lidailipiritsa chindapusa cha mayuro 5 miliyoni. Nayo Character.AI, itasumiridwa ku makhoti a ku America ndi makolo odandaula za ana ao, idaletsa ana osakwana zaka 18 kucheza momasuka ndi anthu opeka kuyambira mu Novembala 2025.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti chigoba chasintha mwini katatu. Poyamba adachivala ndi makina kuti amveke ngati munthu. Kenaka adachivala ndi anthu poseŵera ndi anzao. Tsopano munthu akudzifotokoza kwa makina, ndipo makinawo amamubwezera chithunzi chimene iye mwini wajambula, popanda kumutsutsa kaŵirikaŵiri. Wolemba kuti ndi ngwazi adzatamandidwa ngati ngwazi, ndipo wolemba kuti ndi wachabechabe angathe kumva zomwezo zikubwerezedwa usiku ndi usana. Seŵero lotere lili ndi ubwino wake: limasangalatsa, limanola luso lopeka nthano, ndipo ena limaŵathandiza kuyesera chinenero chachilendo popanda manyazi. Chofunika nchakuti woseŵera adziŵe kuti akuseŵera, apatse persona dzina ndi mudzi zopeka, ndipo makolo adziŵe amene ana ao akucheza naye usiku. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlembi wa Weizenbaum adatulutsa bwana wake m'chipinda kuti asamve zinsinsi zake. Wocheza ndi makina lero ayenera kuyamba wafunsa kuti ndani wina ali m'chipindamo, asanalembe chiganizo choyamba chonena za iye mwini.