Amonke a ku Ireland ndi Chipululu cha pa Nyanja

Kodi Brendan Woyera, mmonke wa ku Ireland wa m'zaka za m'ma 500, anafikadi ku America Columbus asanabadwe? Mu 1976 ndi 1977 Tim Severin anawoloka nyanja ya Atlantic pa bwato la zikopa za ng'ombe nakafika ku Newfoundland, koma potero anangosonyeza kuti ulendowo unali wotheka. Funsolo, ndiganiza, limaphonya cholinga cha amonkewo. Iwo sankasaka maiko atsopano ayi. Kwawo kunalibe chipululu chonga cha ku Egypt, choncho anakachifuna pa nyanja, kusiya abale chifukwa cha Khristu. Dicuil, polemba mu 825, akusimba za atsogoleri a Mpingo amene anakakhala ku Thule, mwina Iceland, kumene m'nyengo yotentha munthu ankatha kutola nsabwe m'malaya pakati pa usiku.