Boma ndi Nyumba za Anthu: Mbiri ya ku Nkando ndi Dziko la Mulanje

Nkando ndi malo a malonda pa mseu wa Midima, umene uchokera ku Limbe kunka ku Mulanje. M'midzi ya kumeneko muli nyumba za mitundumitundu: za udzu ndi za malata, za zidina ndi za njerwa zootcha. Mulinso zipupa zong'ambika ndi mabwinja a nyumba zimene zinagwa ndi mvula. Kodi nyumba ikamangidwa molakwika, nigwa, Boma lichitapo chiyani? Yankho la funso ili lasintha kangapo pa zaka zoposa 130. Tiyeni tilitsate kuyambira pachiyambi.

Nyumba ya msonkho

Makolo athu ankamanga ndi mitengo, nsungwi, dothi ndi udzu. Chiswe chikadya mizati, kapena denga likayamba kudontha, abale ankasonkhana nakonza, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Angerezi atatenga dziko lino mu 1891, Harry Johnston anaika msonkho wa nyumba, ndipo pofika 1894 nyumba iliyonse inkalipiridwa mashilingi atatu. Chotero Boma linayamba kuwerenga nyumba za anthu kuti litolere ndalama. Za kudontha kwa denga silinafunse.

M'zaka zomwezo Alomwe ambiri anaoloka kuchokera ku Mozambique nakhala m'dziko la Mulanje. Ambiri anakhala pa minda ya azungu, nalipira malowo ndi ntchito ya thangata. Lamulo la 1928 linalola mwini munda kuchotsa ena mwa anthuwo zaka zisanu zilizonse. Tsono ndani akanaotcha njerwa pa malo amene mawa angapirikitsidwepo? Thangata anatha mu 1962, ndipo m'kupita kwa zaka nyumba za njerwa zinachuluka.

Boma limanga nyumba

Mu 1964, chaka cha ufulu, Boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation kuti lizimanga nyumba zobwereketsa ndi zogulitsa. Lamanga nyumba zapansi ndi zosanjikizana m'mizinda, ndipo ku Blantyre lili ndi nyumba zambiri m'malo ngati Soche ndi Nkolokosa. Pa nyumba yobwereka, kukonza chipupa chong'ambika ndi udindo wa mwini nyumba, ndiye bungwelo. Koma ntchito yake inali ya m'mizinda. Munthu wa ku Nkando anapitiriza kumanga yekha, ndi mmisiri wa m'mudzi, popanda woyang'anira ntchitoyo.

Maphunziro a napolo ndi chivomezi

Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi ya ku Phalombe, amene masiku amenewo anali mbali ya boma la Mulanje. Anthu mazana anafa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kuthandiza ovutika nazo.

Mu Disembala 2009 chivomezi chinagwedeza Karonga, nichigwetsa ndi kung'amba nyumba zikwizikwi. Akatswiri atayendera mabwinjawo anapeza kuti mlandu sunali wa chivomezi chokha. Nyumba zambiri zinali zofooka chimangire. Chifukwa chake mu 2010 Boma, pamodzi ndi mabungwe othandiza, linalemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba.

Zolakwa zimene malangizowo alimbana nazo zipezeka ku Mulanje monga ku Karonga. Choyamba ndicho maziko osazama, amene madzi awafukula msanga. Chachiwiri ndicho chipupa chopyapyala cha njerwa imodzi yogonekedwa m'litali, yomangidwa ndi matope. Matope akanyowa asungunuka, ndipo njerwa, ingakhale yootcha bwino, isowa choigwira. Chachitatu ndicho kusayala pulasitiki pamwamba pa maziko, kotero kuti chinyezi chikwera m'chipupa nichiwoletsa kunsi. Chachinayi ndicho kusamanga lamba wa simenti ndi zitsulo wozungulira nyumba pamwamba pa zitseko ndi mazenera. Chachisanu ndicho denga losamangiriridwa ku chipupa ndi waya, longotsinjikizidwa ndi miyala, ndiponso lalifupi, losatchinga chipupa ku mvula. Zonsezi sizioneka pa tsiku lolowa m'nyumba. Zioneka mvula ikagwa masiku atatu osaleka.

Malata ndi simenti

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma 15, Mulanje ali m'gulumo, ndipo nyumba zambiri zinagwa. M'nyengo yomweyo, m'chaka cha ndalama za Boma cha 2014/15, Boma la Peter Mutharika linayambitsa chithandizo cha malata ndi simenti zotsika mtengo. Cholinga chinali kuthandiza mabanja 80 pa chaka m'dera lililonse la phungu, mwa madera 193 amene analipo, kuti amange nyumba yatsopano kapena akonze yakale. Theka la mtengo linali mphatso, theka linali ngongole yobweza pang'onopang'ono.

Apa Boma linafika pa khomo la munthu wa kumudzi litanyamula zipangizo m'malo mwa kaundula wa msonkho. Komabe mabanja 80 ndi ochepa m'dera la anthu zikwi makumimakumi. Panali madandaulo pa kasankhidwe ka olandira, ndipo ngongole zambiri sizinabwezedwe. Ndiponso malata atsopano pa chipupa chopanda maziko sachilimbitsa.

Namondwe wa Freddy

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Mulanje ndi Phalombe anali pakati pa maboma osautsidwa koposa. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anapempha atsogoleri akale Bakili Muluzi ndi Joyce Banda kuti athandize kufunafuna chuma chomangira ovutikawo nyumba. Chaka chomwecho kunapangidwa lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lija la 1991.

Freddy anakumbutsanso cholakwa choposa zonse, ndicho malo omangapo. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Nyumba ya m'dambo kapena m'mbali mwa mtsinje ngati Thuchila ili pangozi, ingakhale yamangidwa ndi simenti.

Inu owerenga, mbiri iyi ionetsa kuti chithandizo cha Boma chakula, koma sichinafikepo pa khomo lililonse, ndipo kawirikawiri chafika nyumba itagwa kale. Chotero pomanga funsani mmisiri za kuzama kwa maziko, za pulasitiki, za lamba ndi za waya wa denga. Ngati chipupa chayamba kung'ambika, chikonzeni m'chilimwe, mvula isanabwere. Ndipo chithandizo chikalengezedwa, pitani ku msonkhano wa kwa mfumu, mumve ndi makutu anu m'mene maina asankhidwira.