Madzi Adasonkhanitsa, Mliri Udamwaza

Anthu a m'chigwa cha Shire, ku Chikwaŵa ndi ku Nsanje, si alendo pa tsoka. Mu January 2015 mitsinje ya Ruo ndi Shire idasefukira nikokolola midzi ya ku Makhanga, otsala nachita kuoloketsedwa pa mabwato ndi pa ndege. Mu March 2019 madziwo adabweranso. Koma tsoka la madzi lili ndi khalidwe lake: limasonkhanitsa anthu. Pa misasa ya ku Bangula, Msena ndi Mmang'anja ankaphika pa mafuwa amodzi, mwini ng'ombe nagona pafupi ndi waganyu wake. Mwambo wotere ngwakale. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adafufuza mbiri ya kachisi wa M'bona ku Khulubvi, adalemba za m'mene mafumu a m'chigwachi ankamemera anthu pa nthaŵi ya chilala kuti akapemphe mvula pamodzi.

Tsono mliri wa Covid-19 udafika ndi lamulo losemphana ndi zonsezi: munthu athaŵe mnzake. Pa 23 March 2020 sukulu zidatsekedwa, misonkhano ya anthu oposa 100 italetsedwa, ndipo odwala oyamba m'Malaŵi adalengezedwa pa 2 April. Kugwirana chanza kudaleka, ngakhale pa Misa popatsana mtendere. Apa agogo sadavutike kwenikweni, poti moni woomba m'manja adaudziŵa kale. Ana asukulu ndiwo adachita kuuphunzira.

Chidaŵaŵa koposa ndi maliro. Kwathu kuno moyo wa munthu umapimidwa ndi khamu limene lachezera usiku pa maliro ake, nyimbo zikuimbidwa, amai akupala moto, adzukulu akudikira kucha kuti apite kumanda. Wofa ndi mliriwu ankaikidwa mofulumira ndi azaumoyo ovala zodzitetezera, abale ataimirira potero, osamsambitsa, osaona nkhope yake. Mai wamasiye ankabwerera ku nyumba yopanda omkhazika. Maliro otere saatha pa tsiku loika. Amatsalira mumtima, ndipo chiŵerengero cha boma sichiŵaona.

Komabe si lamulo lililonse limene anthu adaligonjera. Boma litalamula kuti onse abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 April, amalonda adachita zionetsero m'matauni, ndipo khoti lalikulu lidaimitsa lamulolo lisanayambe. Tisafulumire kuŵatcha osamva. Wogulitsa nsomba za ku dambo la Elephant Marsh pa msika wa Nchalo amadya zimene wapeza tsiku lomwelo. Njala adaidziŵa kuyambira ubwana, pamene kachirombo sadakaonepo ndi maso, motero ambiri ankati imeneyi ndi nthenda ya olemera a m'tauni. Mphekesera idakoma m'khutu mpaka pa 12 January 2021, pamene nduna ziŵiri zidamwalira tsiku limodzi: Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia, mkulu wa ndale wotchuka wa m'chigwa chomwechi. Pamenepo zotchinga pakamwa zidachuluka.

Ana nawo adalipira mwakachetechete. Sukulu zidayamba kutsekulidwa mu September 2020, patapita miyezi yoposa isanu, ndipo atsikana ena sadabwerere: anali atapatsidwa pathupi kapena atakwatiwa.

Mliri usanathe, madzi adabweranso. Kumapeto kwa January 2022 namondwe Ana adaononga damu la magetsi la Kapichira nadula mseu wa M1 m'boma la Chikwaŵa. Mabanja othaŵa adathithikana m'makalasi ndi m'matchalitchi, ndipo lamulo lotalikirana lidasoŵa pokhala, pakuti m'chipinda chimodzi munkagona mabanja angapo, mphasa kugundana ndi mphasa. Amai adayambanso kubwerekana miphika ndi mchere. M'miyezi yotsatira mudabuka kolera, nthenda ya madzi oipa, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo Nsanje idali m'gulu la maboma oyamba kugwidwa.