Mau a Cizungu onena za nkhani zosamveka bwino

Cizungu, comwe ndi cinenero ca boma m'Zambia, cili ndi mau ambiri onena za nkhani imene simveka bwino. Powamasulira m'Cinyanja, anthu ambiri amangoti “zosamveka” basi. Komatu mauwa ndi osiyana, ndipo m'khoti kusiyana kwao kungathe kupindulitsa munthu kapena kumutayitsa cuma.

Aŵiri amene amasokonezedwa kwambiri ndi vague ndi ambiguous. Liu lakuti vague linafika m'Cizungu kudzera m'Cifalansa, kucokera ku liu la Cilatini lotanthauza cinthu coyendayenda cosakhazikika. Limanena za mau opanda malire. Wamangaŵa akalonjeza kuti adzabweza ndalama “posacedwa”, palibe angaloze tsiku lake. Mwina ndi mawa, mwina ndi pambuyo pa kukolola.

Ambiguous ndi nkhani ina. Gwero lake m'Cilatini limapereka cithunzi ca cinthu cokankhidwira mbali ziŵiri. Pano mau ali nao malire, koma matanthauzo ndi aŵiri, ndipo lililonse likhoza kukhala loona. Citsanzo codziŵika ndi biweekly, liu limene lingatanthauze kaŵiri pa sabata kapena kamodzi pa masabata aŵiri. Wanchito wolonjezedwa malipiro mwanjira imeneyi ayenera kufunsitsa. Cinyanja naco cili ndi mau otere: “mtengo” ukalembedwa paokha, woŵerenga sangadziŵe ngati ndi wa m'thengo kapena wa pamsika, ngakhale kuti polankhula khutu limasiyanitsa.

Kufunika kwa liu limeneli kunaoneka m'cigao ca Maine ku America. Madalaivala a kampani yogulitsa mkaka ya Oakhurst Dairy anakasuma kuti sanali kulandira ndalama za ovataimu. Lamulo la m'cigaoco linandandalika nchito zimene siziyenera ovataimu, koma kumapeto kwa mndandandawo kunalibe kacizindikiro kopatula mau kamene m'Cizungu kamachedwa comma. Motero sizinadziŵike ngati lamulolo linali kunena za olongedza katundu okha, kapena linaphatikizapo operekera katunduyo. Mu 2017 khoti la apilo linagamula kuti lamulolo linali ndi matanthauzo aŵiri, ndipo linasankha lokomera anchito. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Aphungu a ku Maine analembanso lamulolo.

Zambia nayo inaona zofanana ndi zimenezi pambuyo pa masankho a pa 11 August 2016. Malamulo oyendetsera dziko, omwe anali atangokonzedwa kumayambiriro kwa caka comweco, ananena kuti khoti la Constitutional Court limve dandaulo la masankho a mtsogoleri wa dziko m'masiku 14. A Hakainde Hichilema atapereka dandaulo lotsutsa cipambano ca a Edgar Lungu, panabuka mkangano wakuti kodi Ciŵeru ndi Sondo ziŵerengedwa m'masikuwo kapena ai. Pa 5 September oweruza atatu mwa asanu anagamula kuti nthawi inali itatha, ndipo mlanduwo unathera pomwepo umboni usanamvedwe.

Pa mapangano a malonda, makhoti otsatira malamulo ocokera ku England ali ndi mfundo yakale yakuti mau a matanthauzo aŵiri amamasuliridwa motsutsana ndi amene anawalemba. Mfundoyi imathandiza kwambiri ogula inshuwalansi, popeza iwo amangosaina pepala lolembedwa kale ndi kampani.

Mau ena amanena za nkhani yovuta kuimva ngakhale kuti tanthauzo lake ndi limodzi. Obscure linacokera ku liu la Cilatini lotanthauza mdima, ndipo limagwiritsidwanso nchito ponena za munthu kapena malo osachuka. Cryptic ndi la Cigiriki, lotanthauza cobisika. Apa wolankhula waphimba tanthauzo mwadala, monga amacitira wophera mnzake ndagi. Abstruse limanena za phunziro lozama lofuna akatswiri, ndipo vuto silikhala la wolemba ai, koma la nkhaniyo.

Palinso gulu la mau odzudzula. Jargon m'Cifalansa cakale linali kunena za kulira kwa mbalame. Lero limatanthauza kalankhulidwe ka anthu a nchito imodzi, monga madokotala, asilikali kapena akatswiri a zacuma. Pakati pa eni ake kalankhulidwe kotere kamafupikitsa nkhani, ndipo palibe colakwika. Kamasanduka msampha pamene dokotala akagwiritsa nchito pouza mai wodwazika mwana mmene angamwetsere mankhwala. Ka maloya kali ndi dzina lakelake, legalese. Gibberish ndiye phokoso cabe, lopanda tanthauzo lililonse.

Liu lokhala ndi mbiri yosangalatsa kuposa onse ndi gobbledygook. Anaipeka ndi Maury Maverick, wandale wa ku Texas, mu 1944, pamene anali kutsogolera bungwe lina la boma la America m'nthawi ya nkhondo yaciŵiri ya dziko lonse. Atatopa ndi makalata aatali odzaza ndi mau akuluakulu, analembera anchito ake kuwaletsa kalembedwe kameneko, nakayerekeza ndi kulira kwa nkhukundembo yodzitukumula. Dzinalo linagwira msanga, mwina cifukwa aliyense amene anagwirapo fomu ya boma anamva cimene Maverick anali kunena.

Nkhondo yolimbana ndi kalembedwe kotere inakula ku Britain mu 1979, pamene a Chrissie Maher anakhazikitsa bungwe la Plain English Campaign mwa kung'amba mafomu a boma pabwalo la Parliament Square mu London. Maiwa anali atakula osadziŵa bwino kuŵerenga, motero vutoli anali kulidziŵa ndi mtima wonse. Bungwelo linayambitsa mphotho yonyoza yochedwa Golden Bull, yopatsidwa kwa olemba zikalata zosokoneza koposa. Ku America nkhaniyi inaloŵa m'malamulo mu 2010, pamene a Barack Obama anasaina lamulo la Plain Writing Act, lokakamiza mabungwe a boma kulembera anthu wamba m'mau omveka.